Ku Msonkhano wa Osamala Nyumba Zakale za Nyenyezi

Abale anga a pa migodi, lero ndifuna kukusimbirani za msonkhano wina umene ndinakhalapo ku Joni pa Loweruka lapitalo. Sunali msonkhano wa malipiro kapena wa mpira ai. Unali wa anthu amene adzipereka kusamala nyumba zakale zoyang'aniramo nyenyezi, pamodzi ndi zipangizo ndi mabuku a m'menemo. Amakomana onse kamodzi pa caka kuti amve za thumba la ndarama ndi kusankha akuru atsopano, monga ticita ife m'mabungwe athu a maliro.

Amene anandilowetsa m'bungweli ndiye mkuru wina amene anali woyeza njira za pansi pa mgodi wathu, koma tsopano anapuma. Anandipeza usiku wina ndiri panja pa ofesi, ndirikudikira a shifiti kuti aturuke m'cikepe, maso ali kumwamba. Anandifunsa dzina la kagulu kaja ka nyenyezi zazing'ono, ine nkuti kwathu timati Nsangwe, ndipo ubwenzi wathu unayambira pomwepo. Ine sukulu ndinalekezera ku pulaimale ya mishoni, cotero ndinaopa kuti ndikasowa pokhala pakati pa ophunzira. Koma m'cipindamo ndinapeza aphunzitsi opuma, anyamata a ku koleji, amai angapo ndi okalamba oyenda ndi ndodo, ndipo palibe anandifunsa setifiketi.

Tinasonkhana pa kaphiri ka cakum'mawa kwa tauni, m'dera limene mpaka lero amati Observatory cifukwa ca nyumba ya nyenyezi iri pamenepo. Boma la Transvaal linaiyambitsa mu 1903 kuti ikhale yoyeza mvula ndi mphepo, ndipo woyang'anira wace woyamba anali Robert Innes. Mbiri ya munthu ameneyu inandikondweretsa koposa. Anabadwira ku Edinburgh mu 1861, naleka sukulu ali ndi zaka 12. Masamu ndi za nyenyezi anadziphunzitsa yekha. Anagulitsapo vinyo ku Sydney, ndipo pamene anafika ku nyumba ya nyenyezi ya ku Cape Town mu 1896, anamlemba nchito ya ulembi ndi yosunga mabuku. Tinene kuti anali mabalani mnzanga.

Masiku amenewo zithunzi za kumwamba anali kuzijambula pa magalasi aphanthiphanthi, osati pa pepala. Mu 1915 Innes anatenga magalasi awiri oonetsa malo amodzi omwewo, pafupi ndi nyenyezi yowala ya Alpha Centauri, imodzi ya ziwiri zija zimene zimaloza ku Mtanda wa Kumwera. Galasi lina linajambulidwa mu 1910, lina mu 1915. Anawaika pa makina oonetsa ili kenaka linzace mofulumira. Nyenyezi zambirimbiri zinakhala duu pa malo ao, koma kamodzi kozirara kanali kudumpha pang'ono, ndipo kanali kuyenda njira imodzi ndi Alpha Centauri, liwiro lace lomwelo. Innes anakacha Proxima Centauri, ndiko kunena yapafupi, ndipo kufikira lero palibe nyenyezi yodziwika imene iri pafupi ndi dzuwa lathu kuposa iyo. Kupafupi kwace ndi kotere: kuunika kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma kucokera kumeneko kumatha zaka 4 ndi miyezi ngati 3 kuti kufike kuno. Ndi maso okha simungaione.

Pano mvetsani bwino, pakuti mpamene panagona mtima wanga tsiku lonselo. Galasi la 1910 lija pa lokha silinanene kanthu. Likadasweka, kapena wina akadalitaya kuti latha nchito, la 1915 likadangokhala cithunzi ca timadontho.

Pali cinanso cimene cikhudza ife eni ace. Migodi ya golide itayamba kuzama, nthaka ya Joni inayamba kugwedezeka, ndipo mu 1908 boma linaika akuru kuti afufuze za zibvomezi za ku Ophirton. Iwo anapeza kuti gwero lace ndi migodi yomwe: mizati ya mwala yosiyidwa kuti igwire denga inali kuphwanyika ndi kulemera kwa pamwamba. Mu 1910 anaika makina olemba zibvomezi pa kaphiri komweka, ndipo H. E. Wood, mmodzi wa oyang'ana nyenyezi, ndiye anawerenga zimene makinawo analemba nazisindikiza. Kugunda kuja kumene inu mumakumva ndi msana muli pansi, anthu a pa phirilo anali kukulemba m'buku, tsiku lace ndi ola lace.

Nanga bwanji nyumba yotere inaleka nchito? Tauni inakula niizungulira. Magetsi, utsi ndi pfumbi zinaphimba thambo, ndipo mu 1972 anaiphatikiza ndi ya ku Cape Town, nchito yoyang'ana nyenyezi nisamukira ku Sutherland, ku cipululu ca Karoo, kumene usiku uli wakuda bii. Telesikopu yaikuru ya 1925, ya diso la mainchesi 26 ndi theka, inatsala m'nyumba yace yozungulira. Ndinaiona, ndi yaitali ngati basi. Mai wina anatiuza kuti zotere siziri kuno kokha. Ku America nyumba yochuka ya Yerkes, ya 1897, ya diso la mainchesi 40, inatsekedwa mu 2018, ndipo anthu a m'deralo anacita kupanga bungwe kuti itsegulidwenso kwa alendo mu 2022.

Tsono tinafika pa mlandu weniweni. Msungicuma anawerenga thumba, ndipo ndarama zinapezeka zokwanira nchito imodzi yokha mwa ziwiri. Yoyamba: bungwe liri ndi telesikopu yace yakale, kalirole wace anacita cimbuuzi, ndipo afunika kumkuta mwatsopano kuti ana a sukulu azidzaonera. Yaciwiri: pali mabokosi a timabuku ta mamembala amene anamwalira kale, m'mene analembamo zimene anaona usiku ndi usiku, ndipo tifunika kutijambula ndi kutisunga bwino tisanathe. Anthu anatsutsana nthawi yaitali, mwaulemu ndithu, ngakhale mkuru wina anagunda ndodo yace pansi kawiri.

Ine ndinakweza dzanja, maondo alikunjenjemera. Ndinati, “A Pampando, ine ndine kalaliki wa pa mgodi. Tsiku liri lonse ndimalemba nambala ya munthu, shifiti yace, ndi kumene anagwira. Palibe amayamika nchito imeneyo. Koma zimacitika kuti pafika bambo wokalamba, cifuwa citatha ndi pfumbi la pansi, kapena mai wamasiye ndi kapepala kong'ambika, kufuna umboni wakuti munthuyo analowa pansi zaka zakuti ndi zakuti. Cifuwa cace cimanena zoona, koma olipira amafuna za m'buku. Bukulo likapezeka, banja limadya. Likasowa, amabwerera manja ali m'khosi. Wolemba uja sanadziwe kuti mzere uti udzapulumutsa munthu. Cimodzimodzi amene anasunga galasi la 1910.”

Ena anaomba m'manja. Koma mphunzitsi wina wa imvi anaimirira nati, “Mwananga, mau ako ndi oona. Koma mwana wa sukulu sangakwere phiri ili kudzaona mapepala acikasu. Muonetse maenje a pa mwezi kamodzi kokha, ndipo iyeyo ndiye adzakhala wosunga mabuku ako ife titapita. Taona m'cipinda muno, imvi zacuruka.” Ndinayang'ana, ndipo zinalidi zocuruka.

Anawerenga manja, ndipo kalirole anapambana. Ine dzanja langa linali ku mabuku pamodzi ndi owerengeka, ndipo likali komweko. Galasi siliola, lingathe kudikira caka cina osaonongeka koposa. Pepala ndiye liri ndi adani: cinyontho, njenjete, ndi mdzukulu wosesa m'nyumba amene sadziwa cimene cinalembedwamo. Komabe sindinakwiye, pakuti mlandu unaweruzidwa poyera, munthu ali yense atanena zace, ndipo si misonkhano yonse imene ndinakhalapo imatha motero.

Kutada tinaturuka panja, ndipo mnyamata wina anandilozera telesikopu yace yaing'ono pa Alpha Centauri. Imene maso amaiona ngati imodzi inagawanika nizikhala ziwiri, zoyandikana, zowala ngati nyali za anthu awiri obwera patali m'ngalande ya pansi. Ndinafunsa za Proxima. Anaseka nati magetsi a Joni anaimeza kalekale.

Tisanabalalike, a Pampando anafunsa ngati alipo wina amene angayambe nchito ya timabuku tija ndi manja ace, popanda malipiro. Maso onse anatembenukira kwa ine. Cotero ndinabwerera ku hositelo ndi bokosi limodzi pa miyendo m'takisi, nditasaina dzina langa kuti ndidzalibweza. Muli timabuku 9 ta munthu mmodzi, amene anatha zaka zambiri kuyeza nyenyezi zina zimene zimawala ndi kuzirara mosinthasintha. Analemba ndi pensulo, ndipo masamba ena ayamba kufufutika. Ndaganiza kuti tsiku la Sabata liri lonse, ndikacokera ku calici, ndizijambula masamba 30 ndi foni ndi kukopera manambala ace mu kompyuta ya mnzanga wa woyeza uja. Kabuku koyamba ndakatsegula kale. Munthuyo sanadumphe usiku ngakhale umodzi. Pamene sanaone kanthu analembabe tsiku ndi ola, ndi mau amodzi okha akuti mitambo.