Kompyuta yatsopano ikakana kuyaka, musathamangire kugula china

Masiku ano anyamata ambiri ayamba kumanga okha kompyuta. Amagula zipangizo chimodzichimodzi, china ku Lilongwe, china kuitanitsa kwa achibale ku Joni. Tsiku loyatsa lafika, kudina batani, zii. Ndalama zambiri zimatayikira pamenepa, chifukwa munthu akachita mantha amayamba kugula m'malo mofufuza.

Ine ntchito yanga ndi injini za maboti kuno ku Senga Bay. Madala anga ndi msodzi, ndiye ndakulira pa Yamaha Enduro. Injini ikakana kulira madzulo, anthu akufuna kulowa m'madzi, sitithamangira kumasula kabuleta. Timaona kaye kachingwe ka kill switch, kenako ngati petulo akufika, kenako ngati pulagi ikupereka moto. Kugwira chimodzi, kuyesa, kenako china. Ukasintha zitatu nthawi imodzi, olo ilire, sudziwa chomwe chimadwala. Kompyuta nayonso ndi momwemo.

Mwezi watha mng'ono wanga anamanga yake yoti azipangira anthu makadi aukwati ndi kukonza zithunzi. Ndalama zake ndi za nyengo ziwiri zoyanika usipa pathandala. Atayatsa, mafani akuzungulira koma sikirini bii. Mnzake wina akuti motherboard yapsa, gula ina. Mwana anatsala pang'ono kugulitsa foni. Ndinati dikira kaye aise, tiyambe ndi zosafuna ndalama.

Funso loyamba ndi ili: kodi palibiretu chomwe chikuchitika, kapena mafani akuzungulira koma chithunzi palibe? Awa ndi matenda awiri osiyana. Ndipo musanagwire chilichonse mkatimo, zulani kaye pulagi kukhoma.

Ngati ili zii, vuto ndi njira ya magetsi. Switch yakumbuyo kwa power supply ikhale pa I, osati pa O. Chingwe chachikulu cha 24-pin chilowe mpaka kodzitsekera kake kagwire. Palinso cha 8-pin cha CPU, pakona yakumtunda, chomwe ambiri amachiiwala. Chimafanana ndi cha graphics card, ndiye werengani: china chalembedwa CPU, china PCIe. Kenako timawaya ta batani, tolembedwa POWER SW. Tichotseni, bwezerani magetsi, n'kukhudzitsa mapini awiri amenewo ndi nsonga ya screwdriver kamphindi chabe. Ikayaka, ndiye kuti vuto ndi batani kapena timawayato basi. Power supply zakale zina zimakhala ndi ka switch kofiira ka 115 ndi 230. Kuno magetsi athu ndi 230, mukasiya pa 115 mumva phuu ndi utsi. Koma bokosi la power supply musalitsegule ayi, limasunga magetsi olo mutazula.

Ngati mafani akuzungulira, yambani ndi chingwe cha HDMI. Muli ndi graphics card? Chilowe ku card, osati ku motherboard. Ma processor a Intel othera ndi F, komanso Ryzen 5 3600 ndi 5600, satulutsa chithunzi paokha, amafuna card. 5600G ndi yomwe imatulutsa.

Kenako yang'anani timagetsi tinayi tomwe ma motherboard ambiri ali nato: CPU, DRAM, VGA, BOOT. Komwe katsala koyaka ndi komwe kakukulozerani wodwala. Pa ya mng'ono wanga kanatsala ka DRAM. Tinazula RAM zonse ziwiri, n'kubwezera imodzi yokha pa slot yachiwiri kuchokera ku CPU, kukanikiza mbali zonse mpaka kumva kuti khethe. Kudina batani, dzina la motherboard pa sikirini ngwee! Tinabwezera inzake pa slot yachinayi, nayonso bwinobwino. Imodzi inali italowa mbali imodzi yokha, moti poyang'ana ndi maso simungadziwe. RAM imafuna kukanikiza kwambiri kuposa momwe munthu woopa kuthyola chinthu chodula angayerekeze. Sitinawononge olo K100.

Ikakanabe, pali zina zitatu. Chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi 5 n'kubwezera, kuti BIOS iiwale zonse iyambirenso. Chachiwiri, onani zaka: ma board a B450 anatuluka mu 2018, pomwe Ryzen 5000 inabwera mu 2020, ndiye board yomwe yakhalitsa m'shopu singaizindikire processor mpaka BIOS itasinthidwa. Chachitatu, tulutsani motherboard m'bokosi lachitsulo, muiike pa katoni yake, muyatse ndi CPU, fani yake ndi RAM imodzi, kuphatikiza card ngati ikufunika. Ikayaka panja, ndiye kuti mkatimo kachitsulo kena kokwezera board kali pamalo olakwika ndipo kakupanga shoti. Amene muli ndi DDR5, ulendo woyamba imatha kukhala mphindi zingapo sikirini ili yakuda. Musazule, ipatseni mpata.

Zonsezi zikalephera, bwerekani RAM kapena power supply ya mnzanu muyesere. Mukamapita kwa wogulitsa muzikanena kuti chakufa ndi ichi, ndayesa mwakutimwakuti. Ukangoti "sikuyaka", akugulitsa chomwe chili pashelefu yake.

Ikadzayaka, musaiike pansi pomwe pamalowa mchenga ndi chinyontho chakunyanja kuno, ndipo magetsi akathima muzizula, chifukwa nthawi zina pobwera amabwera ndi ukali. Amene muli ndi mwana kapena m'bale yemwe akusonkhanitsa zipangizo, mutumizireni uthengawu asanagulitse foni yake.