Nkhope Yobwereka

Amayi anga adamwalira mu June 2024 kumudzi kwathu ku Nathenje, anthu atangomaliza kukumba mtedza. Mbumba yonse idasonkhana kupatula anthu awiri: mlongo wanga amene ali ku Johannesburg ndi mwana wake wamwamuna. Mapepala awo sadali bwino, ndipo munthu wotero akatuluka pa Beitbridge sadziwa ngati adzalowanso. Mlongo wanga adalira pa foni mpaka mawu kusasa. Koma mnyamatayo, muphwa wanga, sadalire ndipo sadafunse kanthu. Adangolowa m'chipinda n'kutseka chitseko.

Mwana ameneyu adaleredwa ndi malemuwo. Mayi wake popita ku Joni adamusiya atangoleka kuyamwa, choncho adakulira pakhonde la agogo ake, kudya nawo mbale imodzi, kufikira pomwe adamutenga ali ndi zaka 8. Pa nthawi ya maliroyi n'kuti ali ndi zaka 14. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako. Ine ndiye mwinimbumba, ndipo mwana akasokonekera anthu safunsa bambo wake, amafunsa malume.

"Achimwene, mulankhuleni ndinu," adatero mlongo wanga. "Ine zandikanika. Akaweruka kusukulu amangodzitsekera ndi gemu yake ija. Kudya akudya, koma ngati mlendo."

Ndidayesa. Ndinkamuimbira pa WhatsApp, yoonana nkhope ija, koma iye ankalozetsa foni kudenga. Pakutha pa mwezi ndidawadziwa bwino malata a nyumba yawo ndi babu lolendewera pakati pake kuposa nkhope ya muphwa wanga. Mayankho ake adali awiri okha, "eya malume" ndi "ayi malume".

Ine ndimakhala pa Mitundu pomwe ndimaphunzitsa, ndipo kuseri kwa nyumba yanga kuli zipinda ziwiri zomwe ndimachititsa lendi ana a sukulu ya ukachenjede ya Bunda. Mmodzi mwa iwo, mtsikana wofatsa, adandipeza madzulo ena ndagwira tsaya pansi pa mtengo wa mapeyala. Nditamufotokozera adafunsa dzina la gemuyo. Ndidafunsa mlongo wanga, yankho n'kubwera lakuti Roblox.

"Aphunzitsi," adatero mtsikanayo, "mwana akakana kutuluka, lowani ndinu komwe aliko."

Roblox si gemu imodzi ayi. Ndi ngati bwalo lalikulu la pa intaneti momwe muli masewera ambirimbiri opangidwa ndi osewera eni ake. Kampani yake ili ku California ndipo bwaloli lidatsegulidwa mu 2006. Aliyense wolowa amasankha kachidole komuimira, komwe eni ake amati avatar, n'kukaveka momwe angafunire. Kwa zaka zambiri nkhope za tizidoleti zidali zouma, zongojambula. Koma mu 2023 adalola kuti wosewera wa zaka 13 kapena kuposerapo atsegule kamera ya foni kapena kompyuta yake, kuti nkhope ya kachidole izitsata nkhope yake. Ukaphethira kamaphethira, ukayasamula kamayasamula.

Mtsikana uja adandifotokozera kuti anzako saona chithunzi chako chenicheni. Makina amayang'ana nkhope yako n'kuyeza kuti chikope chatsika motani, nsidze yakwera motani, nsagwada yatseguka motani, ndipo chomwe chimawoloka nyanja ndi manambala okhawo. Nzeru yogawa nkhope m'tizigawo totere si ya dzulo. Akatswiri awiri a ku America, Paul Ekman ndi Wallace Friesen, adaisindikiza mu 1978, atandandalika kayendedwe ka minofu ya kumaso kamodzikamodzi monga momwe ife aphunzitsi timalembera mayina m'kaundula. Kampaniyo imati kanema wa nkhope yako satuluka m'foni mwako ndipo sasungidwa. Ndisaname, ine mawu a munthu wogulitsa malonda ndimawamva ndi khutu limodzi. Koma tsiku limenelo nkhawa yanga sidali imeneyo.

Loweruka lotsatira tidakhala patebulo ndi laputopu ya mtsikanayo, bandulo nditagula. Adandipangira kachidole kanga, ka malaya oyera ngati ka mlaliki. Polankhulana tidagwiritsa ntchito foni, muphwa wanga ali pa WhatsApp ya mawu okha, maso athu ali pa gemu. Adavomera kukumana nane mwina chifukwa chofuna kuseka malume ake akugunda makoma, ndipo ndidagundadi.

Kenaka adatulukira. Mutu waukulu, nkhope yabuluu, nyanga ziwiri, chovala chakuda chofika kumapazi. Mawu oyamba kubwera m'mutu mwanga adali akuti: chilombo.

Ndidamufunsa ngati akulimbikira sukulu. Pa foni padamveka "eya malume" wa masiku onse. Koma pa laputopu chilombo chija chidakweza nsidze imodzi n'kupotozera mlomo kumanzere. Thupi langa lidachita tsembwe. Umu ndi momwe amayi ankachitira munthu akawafunsa funso lomwe sakulifuna, kaya ndi wogula fodya, kaya ndi mkamwini. Mlongo wanga satero, inenso sinditero. Kapotozedwe kameneko tidakaika m'manda ku Nathenje, ndiye ndikukaona pa nkhope yabuluu ya nyanga, kuchokera ku Johannesburg, kudzera m'manambala.

Usiku umenewo tulo tidandisowa, ndipo maganizo anga adapita kubwalo. Ine ndidakulira m'mudzi wa gule, njira ndidagula ndili mnyamata, ndipo za kudambwe sindizilemba pano. Ndinena zokhazo zomwe ngakhale mwana wobisala kumbuyo kwa amake amaziona. Chadzunda akalowa m'bwalo nkhope yake sisintha. Makwinya omwe wabwera nawo ndi omwe abwerere nawo. Simoni ndi wofiira chomwecho kuyambira ng'oma yoyamba mpaka yomaliza. Chomwe chimalankhula ndi mwendo, chiuno, phewa ndi fumbi. Ukalamba wa Chadzunda uli m'katsimphinidwe kake, ukali wake uli m'mene amapondera pansi mbalule ikamuitana. Nditapita ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher adasonkhanitsa nkhope za gule zoposa 400 m'nyumba ya Chamare, ndidazizwa ndi luso lake koma ndidatuluka ndili ndi njala. Zidali duu, popanda mwendo wozilankhulira. A UNESCO pomwe adalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 adalemekeza gule yense, ng'oma, nyimbo ndi mwambo, osati nkhope zokha.

Tsono chilombo cha muphwa wangachi n'chotembenuza. Thupi lake n'louma, limayenda ndi mabatani, kudumpha kwake n'chimodzimodzi kaya mwini wake wakondwa kaya wakwiya. Chomwe chimaulula ndi nkhope. Ya kwathu imaphimba kuti thupi linene zomwe munthu wamba sanganene pamaso pa mfumu. Iyi imaoneka ngati ikuphimba, chonsecho ikutulutsira kunja zonse zomwe zili pansi pake. Mnyamata amene ankandionetsa denga pokana kuti ndione maso ake ndi yemweyo amene ankatsegula kamera mwa kufuna kwake atavala nkhope yobwereka. Mtsikana wa ku Bunda adati n'chifukwa choti anzake onse amatero. Mwina. Ine ndikuganiza kuti munthu amamasuka akakhulupirira kuti sakuonedwa, ndipo apa mpomwe padandivuta. Kodi iye ankadziwa kuchuluka kwa zomwe ndinkaona? Kodi uku sikudali kusuzumira pazenera? Ndipo ngati ine malume wake ndinkawerenga nkhope yake motere, nanga alendo omwe amakumana nawo m'menemo, anthu oti sitidziwa mudzi wawo? Mu January 2026 kampaniyo idayamba kufuna kuti wosewera aonetse nkhope ku kamera, makina ayerekeze zaka zake, asadaloledwe kucheza ndi ena. Choncho nkhope yomweyo tsopano ndi chiphaso cholowera pakhomo.

Komabe ndidabwerera Loweruka lachiwiri, ndi lachitatu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindidatchule za maliro. Adandiphunzitsa kudumpha, kukwera makwerero, kuyendetsa kagalimoto komwe ndidakagwetsera m'madzi kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse nkhope yabuluu ija inkang'ambika ndi phwete ngakhale pa foni pankangomveka kampweya.

Loweruka lachinayi, mu August, tidakwera pamwamba pa kaphiri kena ka m'gemumo. Tidaima pamenepo. Mosayembekezera adafunsa yekha.

"Malume, gule adabwera?"

Amayi adali namkungwi, ndipo mwana ameneyu ankadziwa chomwe chimayenera munthu wotero. Ndidamuuza kuti adabwera, wochokera midzi itatu. Ndidamuuza za ng'oma zomwe zidachezera usiku wonse, za amayi a m'mudzi omwe adaimba mpaka mawu kutha, za Kasiyamaliro yemwe adafika kudzaperekeza mwini mudzi. Ndidamukumbutsa momwe ankathawira akapoli ali wamng'ono n'kukadzikulunga m'chitenje cha agogo ake, iwo n'kumamuseka kuti mwamuna wanji wamantha.

Pa foni padati zii. Adali atatseka mawu. Koma kamera adaiiwala. Chilombo chija chidatsinzina, n'kukhala chotsinzina nthawi yaitali. Milomo idakokekera pansi, nsagwada ikutseguka pang'ono n'kutsekeka, kutseguka n'kutsekeka. Misozi padalibe, pakuti makinawo amayeza minofu, madzi sawadziwa. Nkhope youma yabuluu inkalira popanda dontho ndi limodzi lomwe. Mtsikana wa ku Bunda, amene adakhala pambali panga, adanyamuka mwakachetechete n'kutuluka panja.

Mwadzidzidzi nkhope ija idabwerera mwakale, maso ali gwa, kamwa likumwetulira kumwetulira kwa m'sitolo komwe idagulidwa nako. Adali atakumbukira, n'kuzimitsa kamera.

Mawu adafika pakamwa panga akuti, "Ukulira kodi, mwana wanga? Lira, palibe cholakwa." Mphunzitsi mwa ine ankafuna kuwanena, ndipo mlongo wanga akadakondwa kumva kuti ndawanena. Koma ndidakumbuka chinthu choyamba chomwe mwana wa m'mudzi wa gule amaphunzira asadadziwe n'komwe njira ya kudambwe: chilombo suchitchula dzina la munthu. Ngakhale utaganiza kuti wazindikira chipsera cha pamwendo, umasunga pakamwa. Ndidameza mawu aja. Ndidasuntha kachidole kanga ka malaya oyera n'kukaimika pambali pa kake, tonse kuyang'ana kutsogolo. Bandulo inkatha, ine ndili chete.

Patapita mphindi zingapo foni idatsekuka.

"Nyumba ya agogo mudagwetsa?"

"Tidagwetsa, monga mwa mwambo."

"Nanga mango wa pakhonde uja?"

"Ulipo. Wachita maluwa kwambiri chaka chino."

"Musadule, malume."

Ndidamuuza kuti palibe adzaukhudze ine ndili moyo. Sadayankhe. Tidaimabe pakaphiri paja, ndipo patapita kanthawi chilombo chabuluu chija chidaphethira.