Masamba ofiira ku Forest 27

Anthu a ku Mtendere ndi Kalingalinga, Sepitembala uno musangothera pa fumbi la m'komboni. Dzukani m'mamawa dzuwa lisanakalipe, mudutse ku Ibex Hill mukayende m'tinjira ta m'nkhalango ya Forest 27.

Mvula sinagwe ngakhale dontho, koma mitengo ya mitondo ndi miombo yaphuka kale masamba ofiira psuu, ena ofiirira ngati mkuwa. Pakatha milungu ingapo asanduka obiriwira, ndiye mukachedwa mwaphonya. Pansi pa lupsa, pomwe moto unadutsa, timaluwa tachikasu ndi tofiirira tatumphuka pa phulusa penipeni. Timaluwati timamwa madzi amene mizu yake inasunga kuyambira dzinja latha. Majakaranda a m'misewu ya m'tauni ndi okongola, inde, koma aja ndi alendo ochokera ku South America. Izi ndiye zathu.

Chondiwawa n'chakuti kuyambira 2017 mbali zina za nkhalangoyi zinachotsedwa pa chitetezo n'kugawidwa mapuloti, pomwe mtsinje wa Chalimbana umayambira komweko. Njira zina mupeza zatsekedwa ndi mipanda ya mabuloko.

Tengani madzi akumwa, ndipo musapite nokha. Loweruka ndani abwera?