Musanadine batani lofiira

Anzanga ambiri pano mumaganiza kuti kujambula nyimbo pa foni ndi kungodina batani lofiira n'kuyamba kuyimba. Ayi ndithu. Ine ndimajambula kwaya ya achinyamata ya kutchalitchi kwathu pa BandLab, pa foni ya achimwene. Amandibwereka Loweruka lokha, ati JCE yayandikira, ndipo kotchajitsa n'kutali. Ndiye batire siyoseweretsa. Tisanatsegule pakamwa ndimayamba ndakonza liwiro, time signature ndi kiyi.

Liwiro amaliyeza ndi BPM, kutanthauza kuti nyimbo ikugunda kangati pa mphindi imodzi. Ikakhala 120, ndiye kuti kawiri pa sekondi iliyonse. Chimene chimalira ko, ko, ko kuti musathamange chija ndi metronome. Kale kanali kabokosi kokhala ndi kachitsulo kopita uku ndi uku. Johann Maelzel anakalembetsa m'dzina lake mu 1815, ndipo Beethoven anali mmodzi mwa oyamba kulemba manambala ake pa nyimbo. Ine nambala sindiilota ayi. Wotsogolera nyimbo akamawomba m'manja, ndimagogoda pa Tap motsatira manja akewo, foni n'kuipeza yokha.

Koma pagona nkhani ndi pa time signature. Foni imabwera itatchera kale 4/4: wani, thu, firii, folo, n'kubwereza. Nyimbo zambiri za pa wailesi zimayenda choncho. Nanga zathu zija zowomba m'manja, zapachinkhoswe? Zambiri mwa izo kugunda kulikonse kumagawika patatu. Mverani atsikana atatu akusinja mumtondo umodzi: gu-gu-gu, gu-gu-gu. Imeneyo ndiye 6/8. Mumawerenga mpaka 6, mphamvu ikugwera pa 1 ndi pa 4. Mukaikakamiza nyimbo yotere kuyenda mwa 4/4, ng'oma ndi metronome zimayamba kukangana, oyimba n'kuuma thupi ngati ali pa asembule. Ena amati, "Tsatirani foni, ndiye yodziwa." Yodziwa chani? Nyimbo anayimba agogo athu foni kulibe, lero tiipinde chifukwa cha manambala awiri oti nditha kusintha ndi chala chimodzi? Ine ndimasintha foniyo, anthu ndimawasiya ayimbe mmene amayimbira.

Kiyi ndiye imanena kuti nyimbo ikhale pamwamba kapena pansi motani. Sitisankha C chifukwa choti ndi imene taipeza. Asopurano amayesa mzere wokwera kwambiri, abesi wotsika kwambiri, ndipo pomwe onse afika osatupa mitsempha ya pakhosi, kiyi yathu ndi yomweyo. Inu okonda AutoPitch mumve apa: imakokera mawu anu ku manotsi a kiyi yomwe mwaiuza. Mukaiuza yolakwika, mawu abwinobwino amatuluka ngati mbuzi yakodwa pachingwe.

China, metronome izimveka m'mahedifoni basi. Ikamalira pa sipika imalowa m'nyimbo, ndipo kuichotsamo n'kovuta zedi. Wong'oma ndi amene amavala, enafe timatsatira iye. Tcheraninso count-in, kuti igunde kaye musanayambe, onse mulowe pamodzi.

Amene ali ndi nyimbo yake andipeze pa buleki, tiiwombere m'manja tione ngati ndi 4/4 kapena 6/8. Wofuna kujambula Loweruka abwere ndi mahedifoni ake, anga akulira khutu limodzi.