Khofi Adapeza Kwawo, Mbatatesi Yathu Ikadali Yopanda Dzina

Pamene ndinkakula ku Tsangano, ku Mozambique, khofi analibe kwawo. Ankakhala m'chitini pa shelefu yapamwamba m'kantini, ndipo omwa ake anali owerengeka: aphunzitsi, ansembe a ku mishoni, ndi amalume obwera kuchokera ku migodi ya ku Joni atanyamula chitini chimodzi chosungira alendo. Enafe tinkamwa thobwa, kapena tiyi shuga akapezeka. Ana ambiri a msinkhu wanga sankadziwa n'komwe kuti khofi ndi chomera chobala zipatso. Ngakhale titakula n'kuyamba kudzigulira tokha chitini cha Ricoffy, chimene tinkamwa chinali ufa wa khofi wosakaniza ndi muzu wokazinga wa chicory, ndipo panalibe wofunsa za phiri kapena dziko limene khofiyo adachokera.

Komatu zoti malo amapatsa chakudya kukoma kwakekwake tinkazidziwa kalekale, sitidachite kuphunzitsidwa ndi alendo. Mayi anga ankangobenthula mbatatesi yophika n'kunena kuti iyi ndi ya kumtunda, iyi ndi ya kudimba. Ya kumtunda, yokulira m'dothi lofiira ndi mphepo yozizira, imakhala yaufa ndipo imasweka bwino mumphika, pamene ya kudimba imakhala yamadzimadzi. Uchi wa ku nkhalango za ku Macanga sankausokoneza ndi wa kwathu, ngakhale atautengera m'botolo lofanana. Chimene sitinkachiganizira n'chakuti kunja kuno kungapezeke anthu olipira ndalama zowonjezera chifukwa cha dzina la malo basi.

Nkhondo itafika ku chigawo cha Angónia m'zaka za m'ma 1980, minda ya boma ya CAIA idagwa, ndipo ambiri a ife tidaoloka malire kupita ku Ntcheu ndi ku Dedza, kwa abale olankhula chinenero chathu chomwe. Othawa nkhondo ku Malawi tidapitirira miliyoni imodzi. M'zaka zimene tinkaima pamzere wolandira ufa ndi nyembazo, malonda a khofi ankasintha ife osadziwa. Mu 1988 ku Netherlands kudayamba chizindikiro cha Max Havelaar, chomata pa khofi wa alimi ang'onoang'ono a ku Oaxaca m'dziko la Mexico, chotsimikizira wogula kuti mlimi walipidwa moyenera. Chaka chotsatira, mu 1989, pangano limene linkaika malire pa kuchuluka kwa khofi wotumizidwa kunja ndi dziko lililonse lidasweka, mitengo idagwa, alimi a mayiko ambiri n'kusauka. Mu 1997 mabungwe a zizindikiro zoterezi adagwirizana n'kupanga bungwe limodzi, limene lero timalidziwa kuti Fairtrade. Ife pa nthawiyo tinali titabwerera kwathu, pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo maganizo athu onse anali pa kuswa mphanje m'minda imene idasanduka tchire.

Khofi wokhala ndi kwawo ndidadzamumwa ndili kale ndi imvi, ku Lilongwe, kwa mwana wa mlongo wanga amene ankagwira ntchito pamalo ogulitsira khofi. Nditatambasula dzanja kuti nditenge supuni, iye adati, "Amalume, musathire kaye shuga, lawani choncho." Anali khofi wa ku Misuku, m'boma la Chitipa. Kuwawa kumene ndidazolowera kunalibe. Munali kuwawasa kotsekemera konga kwa lalanje lakupsa, ndi fungo lotsalira kukhosi kapu itatha kale. Kenaka adandipatsa wa ku Thyolo, kumene minda ili m'munsi poyerekeza ndi Misuku, ndipo ameneyo ndidamumva wolemera m'kamwa, wosawawasa kwenikweni. Onse anali khofi wa arabica wa dziko limodzi, koma lilime silikadawasokoneza.

Chifukwa chake mlimi aliyense wa kumapiri angachimve msanga. Khofi wa arabica amakonda malo ofunda pang'ono masana ndi ozizira usiku, pafupifupi madigiri 18 mpaka 22. Pamalo okwera, monga ku Misuku kumene minda ina ili pamtunda wa mamita oyandikira 2,000, chipatso chimapsa pang'onopang'ono. Kuchokera pa duwa mpaka kufiira pamatha miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposerapo, ndipo pa nthawi yaitaliyo njere imalimba n'kusonkhanitsa shuga ndi timadzi towawasa timene timadzatulutsa fungo pokazinga. Kumalo otentha chipatso chimathamanga, njere imakhala yopepuka, kukoma kwake kosazama. Mthunzi wa mitengo umachedwetsanso kupsa. Dothi, nyengo ya mvula ndi mtundu wa mbewu zimawonjezerapo zake. Mtundu wa Geisha, umene udachokera ku nkhalango za ku Ethiopia, udatchuka pa dziko lonse mu 2004 utapambana mpikisano ku Panama, pamene alimi a kumpoto kwa Malawi anali ataulima kwa zaka zambiri popanda wowayamikira. Kwinako ndi ntchito ya manja: kuthyola zipatso zofiira zokhazokha, kuzisenda tsiku lomwelo, kuzivundika kwa nthawi yoyenera, kuzitsuka ndi madzi oyera, n'kuziyanika pathandala osati pansi. Phiri likhoza kukhala labwino, koma wothyola zosapsa amataya zonse zimene phirilo lidaika m'njere.

Apa ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa ndamva anthu akusokoneza zinthu ziwiri: kukoma kwa khofi ndi chizindikiro cha Fairtrade. Chizindikiro cha Fairtrade sichikometsa khofi. Icho chimalankhula za mtengo ndi za mmene alimi akuyendetsera bungwe lawo. Mu Ogasiti 2023, mtengo wotsikitsitsa wa khofi wa arabica wotsukidwa udakwezedwa kufika pa madola 1.80 pa paundi, kuchoka pa madola 1.40, ndipo pamwamba pake panali masenti 20 pa paundi opita ku thumba la gulu, mamembala n'kugwirizana okha chochita nawo. Komabe ziwirizi zimakumana panjira. Mlimi wodziwa kuti mtengo sugwa kupitirira malire akutiakuti amalimba mtima kubwerera pamtengo womwewo kangapo, kudikira chipatso chilichonse kuti chifiire. Ndalama za gulu zimatha kugula makina osendera ndi kumanga malo otsukira. Ndipo popeza thumba lililonse limalembedwa kumene lachokera, dzina la malo silitayika panjira. Bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, limene lidakhazikitsidwa mu 2007 n'kulandira chizindikirochi mu 2009, limasonkhanitsa makoparetivu a ku Misuku, Phoka, Viphya, mapiri a ku Nkhata Bay, Mzimba ndi Ntchisi, ndipo wogula wa kunja amatha kupempha khofi wa dera limodzi mwa amenewa.

Kwathu ku Mozambique nako zayamba. Pa phiri la Gorongosa, kumene nkhalango idadulidwa kwambiri, Pedro Muagura ndi anzake a ku paki ya Gorongosa adayamba m'zaka za m'ma 2010 kulimbikitsa mabanja kubzala khofi pansi pa mitengo yachilengedwe, ndipo lero khofiyo amagulitsidwa mpaka kunja ndi dzina la phirilo. Pa chilumba cha Ibo ku Cabo Delgado pali khofi wa mtundu wina, wa njere zazing'ono, wakafeini wochepa, womera pafupi ndi nyanja yamchere. Ameneyu amatikumbutsa kuti si kutalika kwa phiri kokha kumene kumapatsa khofi mbiri. Mu 2023 dziko lathu lidalowa m'bungwe la mayiko a khofi la International Coffee Organization.

Tsono ndikamayang'ana Tsangano ndi Macanga mtima umandipweteka. Mapiri a ku Tsangano amapitirira mamita 1,500, Furancungo wa ku Macanga ali pamwamba pa mamita 1,200, ndipo phiri la Dómuè kwa anansi athu a ku Angónia limaposa mamita 2,000. Kuzizira tili nako, mvula tili nayo, alimi olimbikira tili nawo. Koma zokolola zathu zimachoka kuno zopanda dzina. Mbatatesi ya ku Tsangano ikafika pamsika wa ku Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off imakwera lole, ndipo ku Blantyre imadyedwa ngati ya ku Ntcheu. Tirigu wathu amalowa m'chigayo n'kusowa. Fodya wa ku Macanga, amene adamangitsa nyumba zamalata ndi kuthandiza anthu kugula njinga zamoto nkhondo itatha, amagulidwa potengera giredi, kenaka amasakanizidwa ndi wa mayiko ena m'ndudu, ndipo wosuta sadzamvapo dzina la Furancungo. Sindikunyoza fodya, waphunzitsa ana ambiri. Ndikungoti m'malonda amenewo mlimi ndi dera lake saoneka, pamene m'malonda a khofi wabwino dera ndilo limakweza mtengo.

Sindikuuza munthu kuti azule mbatatesi mawa n'kubzala khofi. Chisanu cha mu Juni ndi Julayi chimene chimawaula masamba m'zigwa za ku Tsangano chikhoza kupha mbande za khofi usiku umodzi, choncho malo oyenera ndi m'mbali mwa mapiri, osati m'madambo. Chilimwe chathu n'chachitali, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo mbewuyi imafuna kuphimbira pansi, mthunzi, ndi madzi othirira ikadali yaing'ono. Mitengo yamthunzi yambiri tidaimaliza ndi makala ndi milimo ya zigafa. Khofi amayamba kubala patatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo banja lodalira ngongole ya feteleza ya chaka ndi chaka silingadikire lokha nthawi yonseyo. Chovuta china chili m'mitima. Akuluakulu amene adaona midzi ya chikomyunizimu ndi makoparetivu okakamiza a m'zaka zoyamba za ufulu amakwinya nkhope akamva za kulima pagulu, ndipo ine ndimawamvetsa. Koma Fairtrade salandira mlimi wamng'ono payekha. Amafuna bungwe la alimi eniake, losankha atsogoleri ake ndi kuonetsa mabuku a ndalama kwa mamembala. Limenelo ndi gulu losiyana ndi lija lakale, ndipo ana athu ayenera kuliona likugwira ntchito kuti alikhulupirire.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zaulimi ku Tsangano ndi ku Furancungo, ndi kwa mafumu amene amagawa malo. Sankhani minda ingapo yoyesera m'mbali mwa mapiri, mubzale khofi pamodzi ndi mitengo yamthunzi, ndipo mutumize alimi achinyamata ku Ntchisi ndi ku Gorongosa kuti akaone ndi maso awo kathyoledwe ndi katsukidwe. Podikira zaka zitatuzo, yambani ndi chimene tili nacho kale. Thandizani magulu a alimi a mbatatesi kuti azisankha yabwino, aziyiika m'matumba awoawo, ndipo pa thumba lililonse pazilembedwa dzina la Tsangano.