Njovu zopanda minyanga ku Gorongosa

Agogo ena a m'tsinde mwa phiri la Tumbine, kuno ku Milange, anakhala zaka zoposa 30 osafuna kumva nkhani ya njovu. Mu 1986, nkhondo itafika povuta, anthu amfuti anawagwira nawasenzetsa katundu masiku anayi. M'katundumo munali mnyanga wa njovu. Atapeza mpata anathawira ku Muloza, ndipo anabwerera kwawo mtendere wa 1992 utabwera. Za mnyangawo sanauzepo munthu.

Chilimwe chapitachi mdzukulu wawo, yemwe ndi mphunzitsi, anawaumiriza kuti akaone nyama kunkhalango ya Gorongosa, m'chigawo cha Sofala. Ulendo wake ngwautali. Anadzera ku Mocuba ndi ku Nicoadala, nawoloka Zambezi pa mlatho wa ku Caia, womwe unatsegulidwa mu 2009. Anagona ku Chitengo, mkati mwa nkhalangoyo, kumene njiri zimadya msipu pakhomo ngati mbuzi.

M'mamawa anakwera galimoto kulowera kunyanja ya Urema. Anaona nswala, mvuu ndi mbalame zosawerengeka. Kenaka panatulukira njovu zazikazi ndi ana awo. Agogo anayang'anitsitsa: yotsogolera inalibe minyanga.

"Anaizula ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Woperekeza alendo anati inabadwa choncho. Pa nkhondo ya 1977 mpaka 1992 njovu zoposa 2,000 za m'nkhalangoyi zinaphedwa, minyanga yake n'kumagulira zida. Zopanda minyanga ankazisiya, ndipo n'zomwe zinaswana. Kale, mwa njovu zazikazi zisanu, pafupifupi imodzi ndiyo inalibe minyanga. Nkhondo itatha zinali theka. Anatinso zikuluzikulu zimaopsezabe galimoto, poti zinaona zinzawo zikugwa.

Njovu ija inaimika makutu, mwana wake atabisala kumbuyo. Dalaivala anazimitsa injini. Onse anati zii, mpaka inatembenuka n'kulowa m'tchire.

Madzulo agogo anamuuza mdzukulu uja za mnyanga, kulemera kwake, ndi zilonda zomwe unawasiyira paphewa.

"Agogo, simunaiphe ndinu," anatero mnyamatayo.

"Ndikudziwa, mdzukulu wanga. Akuluakulu amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Koma kuno tinkamenyana ndife, njovu n'kusanduka udzu."

Kuyambira mu 2008, boma ndi bungwe la Greg Carr akhala akusamalira nkhalangoyi limodzi, ndipo nyama zachulukanso. Agogowo akuti chaka chamawa akatenge adzukulu aang'ono, akazione ndi maso awo.