Chidindo si umboni: za makalata amene timawalembera ana athu



Sabata yathayi mwana wa achemwali anga, amene wamaliza udokotala ndipo akufuna kupitiriza ndi maphunziro a kafukufuku, ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha kalata ya umboni yomwe abwana ake amulembera. Mizere inayi basi. Akuti ndi wolimbikira ntchito, waulemu, woopa Mulungu. Pansi pake siginecha ndi chidindo chachikulu. Mtima unandiwawa, chifukwa kalata yotereyi ndi imene inandimanitsa mwayi wanga woyamba.

Tsikulo ndimalikumbukira. Ndinali nditapita kumudzi kukapempha ndalama yotumizira mapepala. Pobwerera, m'sitima yochoka ku Nayuchi kudzera ku Liwonde ndi Nkaya, envelopu yakhaki ndinaifumbata pachifuwa njira yonse kuopa madzi a nsomba za ku Chiuta amene ankadontha m'dengu la mayi wina. Kalata imene ndinkaisamala chomwechoyo ndinali nditalemba ndekha. Nditadikira masiku atatu pabenchi ya kuofesi, abwana anangoti, "Kalembe wekha, ine ndidzasayina." Sanali munthu woipa, wodi yawo inali yodzaza ndi odwala mpaka pansi. Koma ine, mwana woleredwa kuti asamadzitame pamaso pa akuluakulu, ndikanadzilembera chiyani? Ndinalemba zomwezo za ulemu ndi khama.

Kuno ku America kuli maphunziro otchedwa MD-PhD, omwe munthu amaphunzira udokotala ndi kafukufuku pamodzi kwa zaka pafupifupi 8. Bungwe la boma la NIH lakhala likulipirira ena mwa ophunzirawa kuyambira 1964. Polowa, kalata yolemera kwambiri ndi ya munthu amene anakuyang'anira pa kafukufuku. Wophunzira sainyamula. Wolembayo amaitumiza yekha pa intaneti, ndipo ophunzira ambiri amasayina kuti sadzaiwerenga, n'cholinga choti olandira akhulupirire kuti mwalembedwa zoona.

Chaka chatha ndinaona ndi maso mmene imalembedwera. Pulofesa wa labu yathu anandiitana kuti tikambe za mtsikana amene ndinkamuphunzitsa ntchito. Anatsegula buku limene mtsikanayo ankalembamo zoyesa zake, n'kumandifunsa tsamba ndi tsamba. Zitakanika miyezi iwiri, anatani? Anaona ndani kuti mankhwala osungunulira anali atatha mphamvu, iye kapena iwe? Anayamba wakutsutsapo? Ndinayankha kuti inde, kamodzi, ndipo ankanena zoona. Pulofesa anati chimenecho ndiye chikhale pamwamba. Kalata inadzaza masamba awiri, yonse yonena zimene mwanayo anachita ndi manja ake, ngakhale pamene analakwitsa n'kukonza.

Kwathu mwana wotsutsa wamkulu timamutcha wamwano. Kunoko ndi chimene akufuna kumva, chifukwa kafukufuku ndi ntchito yofunsa ndi yokayikira.

Sindikunena kuti kuno zonse zili bwino. Dzina la wolemba limalemera, ndipo ana a anthu opeza bwino amayamba kulowa m'malabu akadali aang'ono, pamene mwana wosauka akugwira ganyu. Ndiponso pali chimene kwathu timaposa. Aphunzitsi athu amatidziwa mpaka kumene tinachokera. Amadziwa amene ankawerenga ndi koloboyi, amene anaika maliro a bambo ake n'kubwerera kudzalemba mayeso. Chondipweteka n'choti zonsezi zimathera m'mutu mwawo, papepala sizifika.

Komanso tisamanene kuti kwathu kulibe kafukufuku woti munthu n'kuchitirapo umboni. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mu yunivesite ya KUHeS. Pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth pali Malawi-Liverpool-Wellcome kuyambira 1995. Muyeso wa Blantyre Coma Score, umene madokotala m'maiko ambiri amayezera nawo mwana wokomoka ndi malungo, unachokera m'ntchito ya a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor pa ana a kwathu komweko. Mu 2019, katemera wa malungo wa RTS,S atayamba kuperekedwa, Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma oyambirira. Amene ankabaya ana, kulemba m'kaundula ndi kulondola amayi ofunika kubwerera kusikelo anali anamwino, alangizi a zaumoyo ndi madokotala achinyamata. Ena mwa iwo ali ndi mitu ya kafukufuku, koma palibe wawalembera zimene anachita.

Mwana wa achemwali angayo ndamuuza kuti abwerere kwa abwana ake mwaulemu, atanyamula ndandanda wa ntchito zimene anagwira nawo, miyezi yake, ndi vuto limodzi limene analithetsa yekha. Achinyamata nonse chitani chimodzimodzi, ndipo pemphani kalatayo kudakali mwezi wathunthu tsiku lomaliza lotumizira lisanafike.

Inu akuluakulu athu a m'zipatala ndi m'mayunivesite, ndikudziwa kuti nthawi ikukucheperani. Komabe chonde, mwana akabwera kudzapempha kalata, musamubweze kuti akalembe yekha. Mukhazikeni pansi mphindi 20, mumufunse, kenako mulembe zimene munaona ndi maso anu.